Omwera pa Mtsinje Umodzi: Mbiri ya Nthano za Chikondi cha Opikisana m'Mayunivesite a Matsenga

M'mwezi wa Ogasiti 2025 kampani yosindikiza mabuku ya Harper Voyager inatulutsa Katabasis, nthano yaitali ya R. F. Kuang. Nkhani yake ndi yosavuta kuifotokoza. Ophunzira awiri a digiri yaudokotala pa yunivesite ya Cambridge, Alice Law ndi Peter Murdoch, omwe akhala akulimbirana maso a mphunzitsi mmodzi, atsikira ku dziko la akufa kukafunafuna mzimu wa Pulofesa Jacob Grimes, yemwe wafa pa ngozi ya matsenga. Chowatsitsira kumeneko si chifundo ayi. Popanda kalata ya Grimes yowachitira umboni, zaka zonse zimene akhala akuwerenga usiku ndi usana zipita pachabe, ndipo ntchito sadzaiona. Mtengo wa ulendowo ndi theka la zaka zimene aliyense watsala nazo pa moyo wake, ndipo onse awiri aulipira.

Owerenga a ku America ndi ku Britain ali nalo kale dzina la nthano zotere. Amati academic rivals to lovers, kutanthauza anthu opikisana pa maphunziro amene mpikisano wawo umathera m'chikondi. Malo ochitikira nkhani amakhala yunivesite kapena koleji yophunzitsa matsenga, ndipo ampangankhani awiri akuluakulu amakhala anzeru zofanana, olimbirana mphoto imodzi. Ena mwa anzathu ophunzitsa zolembedwa amaziyang'ana nthanozi ndi diso la kumbali, ati ndi zachibwana zobwera ndi TikTok. Cholinga cha nkhani ino ndi kulondola mapazi a nthanozi kubwerera m'mbuyo, ndi kusonyeza kuti zimene zakumana m'menemo, sukulu ya matsenga, okondana okangana, ndi moyo wa pa yunivesite, zinayenda padera kwa zaka mazana angapo, ndipo sizikanatha kukumana mtsikana asanaloledwe kukhala pa benchi limodzi ndi mnyamata m'chipinda cholembera mayeso.

Tiyambe ndi mawu, popeza mawu amasunga zimene eni ake anaiwala. Liwu la Chingerezi lakuti rival linachokera ku Chilatini, rivalis, ndipo tsinde lake ndi rivus, kamtsinje. Poyambirira rivalis anali munthu amene mumatunga naye madzi pa mtsinje umodzi. Aroma omwewo anafika politchula liwuli ponena za amuna awiri ofunsira mkazi mmodzi, monga tikuonera m'masewero awo akale. Choncho wopikisana naye ndi wosiyana ndi mdani. Mdani akhoza kukhala kutsidya kwa phiri, koma wopikisana naye mumakumana naye padooko m'mawa uliwonse, ludzu lanu ndi limodzi, ndipo ndiye yekha amene amadziwa kukoma kwa madzi amene mukulimbiranawo. Mawu enanso awiri ndi othandiza. Liwu lakuti glamour, lomwe lero limanena za kukongola konyezimira, linali katchulidwe ka ku Scotland ka liwu lakuti grammar, ndipo linkatanthauza matsenga ophimba anthu m'maso. Walter Scott ndiye analifalitsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800. Nalo liwu lakuti grimoire, buku la matsenga, akatswiri ambiri amalilondola ku grammaire ya Chifalansa. Kwa munthu wamba wa ku Europe wa zaka za m'ma 1300, amene ankadziwa galamala ya Chilatini anali wokayikitsa, chifukwa ankatha kutulutsa mawu m'chikopa chouma.

N'chifukwa chake sukulu ya matsenga inabadwira pafupi ndi yunivesite yeniyeni. Ku Salamanca m'dziko la Spain, kumene kuli imodzi mwa mayunivesite akale kwambiri a ku Europe, anthu ankasimba za phanga limene mdyerekezi ankaphunzitsiramo ophunzira asanu ndi awiri kwa zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo pomaliza mmodzi ankatsala kukhala malipiro a anzake. Cervantes anatchula kasewero kake kena dzina la phangalo, ndipo kanasindikizidwa mu 1615. Mu 1885 mayi wina wa ku Scotland, Emily Gerard, analemba za zikhulupiriro za anthu a ku Transylvania, natchula sukulu ya Scholomance, yolandira ophunzira khumi okha nthawi imodzi, wakhumiyo n'kukhala wa mdyerekezi. Bram Stoker anatola mfundoyi naiika m'buku lake Dracula la 1897. Tione kuti m'nthano zakalezi mpikisano ulimo kale, ndipo ndi woopsa: malo ndi ochepa, wina ayenera kutayika kuti ena atuluke ndi nzeru.

Sewero la Robert Greene, Friar Bacon and Friar Bungay, lomwe linasindikizidwa mu 1594, ndi lofunika kuliima pang'ono. Muli Oxford, muli mpikisano wa akatswiri a matsenga pamaso pa mafumu, pamene katswiri wa ku Germany, Vandermast, agonjetsa Bungay koma n'kugonja kwa Bacon. Mulinso nkhani ya chikondi, ya namwali Margaret wa ku Fressingfield amene akulimbiranidwa ndi mwana wa mfumu ndi bwenzi lake Lacy. Ndiwo zonse zili mumphika umodzi, koma sizikusakanikirana. Opikisana pa nzeru ndi amuna okhaokha, ndipo mkazi ali kumudzi, kutali ndi mabuku, kudikira kuti ena agwirizane za iye. Greene sakanatha kulemba mwina. Yunivesite ya nthawi yake inali nyumba ya amuna osakwatira, ndipo ku Oxford ndi ku Cambridge aphunzitsi ambiri a m'makoleji ankataya malo awo akangokwatira kufikira cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1880. Shakespeare anaseka mwambo umenewu mu Love's Labour's Lost, m'mene mfumu ya ku Navarre ndi anzake atatu alumbira kuti awerenga zaka zitatu osaona nkhope ya mkazi, lumbiro lomwe silikhalitsa.

Okondana okangana nawo anali ndi njira yawo. Beatrice ndi Benedick a mu Much Ado About Nothing, ndiponso Elizabeth Bennet ndi Darcy a mu Pride and Prejudice ya Jane Austen ya 1813, ndiwo makolo a onse amene amanyozana m'mutu woyamba n'kudzakwatirana m'mutu wotsiriza. Wowerenga amene anakulira pakati pa nthabwala za chisuweni sangadabwe nazo zimenezi, poti amadziwa kuti mnyozo nthawi zina umakhala chilankhulo cha anthu oyenerana. Koma nkhondo ya Beatrice ndi ya pakamwa pokha. Palibe wolemba malikisi, palibe mndandanda wokhomedwa pa chitseko, palibe mphoto imene wina akaitenga mnzake ayenera kubwerera kwawo chimanjamanja.

Mndandandawo unafika m'zaka za m'ma 1800 zikupita kumapeto. Koleji ya amayi ya Girton inayamba mu 1869, ndipo patapita nthawi ophunzira ake analoledwa kulemba mayeso a Cambridge, koma osapatsidwa digiri. Mu 1887 Agnata Ramsay wa ku Girton anaposa amuna onse pa mayeso a Chilatini ndi Chigiriki. Chaka chotsatira anakwatiwa ndi Henry Montagu Butler, mkulu wa koleji ya Trinity, bambo womuposa zaka zoposa 30, yemwenso pa unyamata wake anatsogola pa mayeso omwewo. Mu 1890 Philippa Fawcett wa ku Newnham anapeza malikisi oposa a mnyamata amene anatchulidwa woyamba pa masamu, koma ulemu wa woyamba unapita kwa mnyamatayo chifukwa malamulo sankalola mkazi kuulandira. Mu 1897 funso lopereka madigiri kwa amayi litaponyeredwa voti, amuna analikana ndi mavoti ochuluka, ndipo ophunzira anapachika pa zenera chifanizo cha mkazi wokwera njinga, kenako n'kuchikhadzulakhadzula mumsewu. Oxford inayamba kupereka madigiri kwa amayi mu 1920. Cambridge inachedwa kufikira 1948. Aliyense wowerenga nthano za lero zonena za mtsikana woyamba kulowa m'koleji ya amatsenga akuwerenga mbiri imeneyi itavekedwa mkanjo wina.

Amene anayamba kuona kuti mndandanda wa malikisi ungathe kubala chikondi sanali wa ku Oxford kapena ku Cambridge. Anali L. M. Montgomery, yemwe anaphunzitsapo m'masukulu a kumidzi pa chilumba cha Prince Edward Island ku Canada. Mu Anne of Green Gables ya 1908, mnyamata Gilbert Blythe anyoza tsitsi lofiira la mwana wamasiye Anne Shirley polifanizira ndi karoti, ndipo Anne amuswera sileti pamutu. Kuyambira tsiku limenelo Anne sayankhula naye, koma amawerenga mpaka usiku kuti asaposedwe naye pa masamu ndi pa kalembedwe ka mawu. Pa mayeso olowera ku Queen's Academy awiriwa afanana pa malo oyamba. Pomaliza maphunzirowo Gilbert atenga mendulo, Anne atenga thandizo la ndalama lopitira ku koleji. Montgomery anawagawira mphoto mofanana kuti pasakhale wogonja, ndipo vuto lenileni analisunga kumapeto: Matthew atamwalira, Anne sangathe kusiya Marilla yekha, ndipo Gilbert amusiyira ntchito ya uphunzitsi pa sukulu ya pafupi ndi kwawo, iye n'kupita kukaphunzitsa kutali. M'nthano imeneyi chizindikiro cha chikondi ndi kusiyira mnzako malo pa mtsinje, ndipo wosiya malowo ndi mwamuna. Ukwati sudza msanga. Alonjezana kumapeto kwa Anne of the Island ya 1915, atamaliza digiri pa koleji ya Redmond. Mafupa onse a nthano za lero ali pamenepa, kupatula matsenga.

Dorothy L. Sayers, mmodzi mwa amayi oyamba kulandira digiri ya Oxford mu 1920, anafunsa funso lolimba kwambiri mu Gaudy Night ya 1935: kodi mkazi wophunzira angakwatiwe ndi mwamuna wanzeru ngati iye osamezedwa? Harriet Vane akana Lord Peter Wimsey kwa zaka zingapo chifukwa ali naye ngongole ya moyo wake, ndipo sangamange banja pa ngongole. Chiwembu cha m'bukuli nachonso ndi cha maphunziro. Amene akuzunza koleji ya amayi ndi makalata achipongwe ndi wantchito wa pakolejipo, yemwe mwamuna wake anataya ntchito ndi moyo atagwidwa ndi katswiri wamkazi kuti anabisa umboni wotsutsa kafukufuku wake. Sayers ankakhulupirira kuti kunena zoona pa maphunziro n'chinthu chopatulika, ngakhale kutaphetsa munthu. Olemba a lero ambiri anatenga makoma ndi nsanja za Oxford yake, chikhulupirirocho n'kuchisiya.

Kumbali ya matsenga, buku limene linasintha zinthu ndi A Wizard of Earthsea la Ursula K. Le Guin la 1968. Sukulu ya pa chilumba cha Roke ili ndi aphunzitsi, maphunziro ogawidwa bwino, ndi laibulale, ndipo phata la matsenga ake ndi kudziwa dzina lenileni la chinthu chilichonse m'chiyankhulo chakale. Ged, mwana wa wosula zitsulo, apikisana ndi Jasper, mwana wa mabwana, ndipo pofuna kumuonetsa mphamvu aitana mzimu wa wakufa natsegulira njira chithunzithunzi chimene chimusaka m'buku lonse. Apa mpikisano ndi tchimo la kunyada, ndipo Roke ndi ya amuna okha. Le Guin anabwererakonso mu Tehanu ya 1990 ndi Tales from Earthsea ya 2001 kukafunsa kumene amayi anapita. Terry Pratchett anali atamutsogolera mwanthabwala mu Equal Rites ya 1987, m'mene kamtsikana Esk kagogoda pa chipata cha Unseen University. Jill Murphy, mu The Worst Witch ya 1974, anali ataika kale atsikana awiri opikisana m'sukulu ya ana. Tam Lin ya Pamela Dean ya 1991, yochitikira pa koleji ya ku Minnesota, ndi A College of Magics ya Caroline Stevermer ya 1994 zinabweretsa chikondi m'makoleji a matsenga, koma sizinamveke kutali panthawiyo. Chimene chinamveka ndi The Secret History ya Donna Tartt ya 1992, yonena za kagulu ka ophunzira Chigiriki ku Vermont amene apha mnzawo. Mulibe matsenga enieni m'menemo, komabe ndi buku limeneli limene linaphunzitsa mbadwo wotsatira kuti kalasi ya galamala yakale ikhoza kununkha magazi.

Tsopano tifike pa mphambano. Mabuku asanu ndi awiri a Harry Potter a J. K. Rowling anatuluka pakati pa 1997 ndi 2007. Mafupa ake ndi a nthano za masukulu ogonera konko za ku England, zoyambira pa Tom Brown's School Days ya Thomas Hughes ya 1857, ndipo Hogwarts ndi sekondale, si yunivesite. Chofunika pa mbiri yathu ndi kachinthu kakang'ono ka m'buku lachiwiri la 1998, pamene bambo wa Draco Malfoy adzudzula mwana wake chifukwa choposedwa pa mayeso ndi Hermione Granger, mtsikana wobadwa kwa makolo opanda matsenga. Rowling sanafune konse kuti awiriwa akondane. Owerenga ndiwo anafuna. Pa malo a pa intaneti monga FanFiction.net, yomwe inayamba mu 1998, ndi Archive of Our Own, yomwe inatsegulidwa kwa onse mu 2009, anthu, makamaka amayi, analemba nthano zikwizikwi zokwatitsa Draco ndi Hermione, mwaulere, mutu umodzi pa sabata, owerenga akuyankha pansi pa mutu uliwonse. Kumeneko ndiko kunali kosulira. Wolemba ankadziwa pofika m'mawa ngati mkangano wa mu laibulale wagwira mtima kapena ayi.

Archive of Our Own inachitanso chinthu china chimene ife a sayansi ya ziyankhulo tiyenera kuchiona. Inalola olemba kumata zizindikiro pa nthano zawo, zofotokoza mtundu wa ubale umene uli m'katimo, ndipo owerenga anayamba kusaka nthano potsata zizindikirozo m'malo motsata dzina la wolemba. Mawu akuti enemies to lovers ndi rivals to lovers anakhwimira kumeneko. Makampani a mabuku anangowatola atapsa kale, ndipo lero amawalemba pa zotsatsa malonda. Dzina la mtundu wa nthano linayamba kutsogola, nthano n'kumalembedwa kuti ikwane m'dzinalo. Ndikuona kuti kufooka kwa mabuku ambiri a mtunduwu kumachokera pomwepa: wolemba amalonjeza mpikisano pa chikuto, koma pofika tsamba la 60 awiriwo aiwala chimene ankalimbirana.

Olemba angapo otchuka anatulukira m'chosuliracho. Naomi Novik anali mmodzi mwa oyambitsa bungwe la Organization for Transformative Works mu 2007, lomwe limayendetsa Archive of Our Own. Buku lake A Deadly Education la 2020 linabwereka dzina la Scholomance kwa Gerard ndi Stoker: sukulu yopanda aphunzitsi, yodzaza zilombo zodya ophunzira, m'mene ana a mabanja olemera amapulumuka chifukwa ana a osauka ndiwo amadyedwa. Olivie Blake, yemwe analembapo nthano za Draco ndi Hermione, anadzisindikizira yekha The Atlas Six mu 2020, ndipo bukulo litatchuka pa TikTok kampani ya Tor inalitulutsanso mu 2022. Libby Rhodes ndi Nico de Varona a m'menemo akhala akulimbirana malo oyamba zaka zonse za ku yunivesite ya matsenga ku New York, ndipo aitanidwa pamodzi ndi ena anayi ku bungwe losunga mabuku otayika a ku Alexandria, kumene asanu okha ndiwo adzalandiridwe. Phanga la ku Salamanca lija labweranso. Mu 2025 nthano ya SenLinYu yotchedwa Manacled, yomwe inayamba ngati ya Draco ndi Hermione, inatuluka italembedwanso ndi mayina ena pa mutu wakuti Alchemised.

Chaka cha 2020 chinathandiza m'njira yachilendo. Mliri wa Covid-19 utatseketsa masukulu, achinyamata otsekeredwa m'nyumba anayamba kulakalaka yunivesite imene sankaiona, ndipo kavalidwe ndi zithunzi zotchedwa dark academia, za majekete a ubweya, makandulo ndi malaibulale akale, zinafalikira kuchokera pa Tumblr kupita pa TikTok. Panthawi yomweyo nthano zosakaniza matsenga ndi chikondi, zomwe zinapatsidwa dzina lophatikiza lakuti romantasy, zinayamba kulamulira msika. Fourth Wing ya Rebecca Yarros ya 2023 ndiyo imatchulidwa kawirikawiri, ndipo buku lachitatu la mndandandawo, Onyx Storm, linagulidwa makope 2.7 miliyoni m'sabata yake yoyamba mu Januwale 2025. Koma Basgiath ndi koleji ya asilikali okwera zinjoka, ndipo chimene chili pakati pa Violet ndi Xaden ndi magazi a makolo awo, osati malikisi. Ndimaliika m'mphepete mwa nkhani yathu.

Pakati penipeni pali mabuku ena awiri a 2023. Emily Wilde's Encyclopaedia of Faeries ya Heather Fawcett inalembedwa ngati buku la tsiku ndi tsiku la katswiri wa ku Cambridge wa mu 1909, wofufuza za mizimu ya m'nkhalango pa chilumba chozizira cha kumpoto. Emily ndi wakhama koma sadziwa kuyankhula ndi anthu a m'mudzi. Mnzake Wendell Bambleby ndi waulesi, wokoma pakamwa, wokayikiridwa kuti anapekapo zotsatira za kafukufuku, ndipo pambuyo pake zidziwika kuti iye mwini ndi mmodzi wa mizimu imene Emily akufufuza. Aliyense amene anapitapo kumudzi ndi kope ndi chojambulira mawu aizindikira nthabwala yake: wofufuza wakwatirana ndi chofufuzidwa. A Study in Drowning ya Ava Reid ndi yolemera kuposa pamenepo. Effy Sayre akuphunzira zomanga nyumba chifukwa koleji ya zolembedwa silandira amayi, ndipo mphunzitsi wake anamugwiririra ulemu wake, anyamata n'kumamunena iyeyo. Preston Héloury, wa ku koleji imene inamukanayo, akufuna kutsimikiza kuti mlembi wolemekezeka wa dziko lawo, Emrys Myrddin, sanalembe buku limene linamutchukitsa. Effy amalikonda bukulo ngati moyo wake ndipo akudana ndi Preston chifukwa cha zimenezo. Zimene apeza pamodzi n'zakuti analilemba ndi mkazi wa Myrddin. Apa mpikisano uli ndi chifukwa chenicheni, poti awiriwa akusiyana pa funso la momwe buku liyenera kuwerengedwera, ndipo chikondi chikula pamene aliyense aona kuti njira ya mnzake ikuona chimene yake ikuphonya.

M'mabuku abwino a mtunduwu, mdani weniweni amakhala pulofesa. Grimes wa mu Katabasis amawasonkhezera dala Alice ndi Peter kuti azidana, chifukwa ophunzira oopana sagwirizana zomuukira, ndipo dziko la akufa limene Kuang analijambula likufanana ndi yunivesite, lokhala ndi laibulale ndi mizimu yolemba zolemba zosatha. Kuang anaphunzira ku Cambridge, ku Oxford ndi ku Yale, ndipo akulemba za nyumba imene akuidziwa. Ziwerengero zikumuchitira umboni. Bungwe la American Association of University Professors linapeza kuti mu 2021 aphunzitsi 68 pa 100 alionse a m'makoleji ndi m'mayunivesite a ku America anali pa ntchito zosakhazikika, pamene mu 1987 anali 47. Mu 2023 West Virginia University inathetsa madigiri ake a ziyankhulo zakunja. Ku England malipiro a pa chaka anakwera kufika £9,000 mu 2012. Mbadwo umene unauzidwa kuti maphunziro a ziyankhulo ndi zolembedwa alibe phindu ndi umene ukugula nthano zimene kudziwa tsinde la liwu kumagwetsa khoma. Ndipo mbadwo umene ukulimbirana ntchito imodzi anthu mazana ndi umene ukufuna kumva kuti amene wakhala naye pa benchi akhoza kukhala mnzake wapamtima.

Babel ya Kuang yemweyo, ya 2022, yomwe inapata mphoto ya Nebula, si nthano ya chikondi, koma sindingaidumphe. Mu Oxford ya m'ma 1830 ya m'bukuli, matsenga amachokera ku kumasulira. Pa kachitsulo ka siliva amalemba liwu la chiyankhulo china mbali imodzi, ndi liwu la Chingerezi lofanana nalo mbali inayo, ndipo tanthauzo limene limatayika pakati pa awiriwo ndilo limasanduka mphamvu yoyendetsa sitima ndi kulimbitsa milatho. Ziyankhulo za ku Europe zikamayandikirana mphamvuyo imachepa, choncho ufumu wa Britain umatenga ana a ku Canton, ku Calcutta ndi a makolo a ku Haiti, amene amalota m'ziyankhulo zawo, n'kuwalera kuti adzakhale migodi. Robin Swift ndi anzake amaikonda Oxford ndi mtima wonse ngakhale akudziwa chimene ikudya. Bukuli limalalikira mopitirira nthawi zina, ndipo mawu a m'munsi mwa masamba amamuuza wowerenga zimene waona kale. Komabe palibe nthano ina imene inaika ntchito ya omasulira pa malo oterowo.

Tikati tiyese siliva wa Kuang pa Chichewa, mawu ovuta ndi omwe ali pa phata la nthanozi. Chingerezi cha mabukuwa chili ndi magic imodzi yopanda mlandu, luso longa masamu. Ife tili ndi matsenga, ufiti, mankhwala, ula ndi kukhwima, ndipo lililonse lili ndi katundu wake. Mtsikana amene mabukuwa amamutcha witch monyadira sangatchedwe mfiti, wowerenga n'kupitiriza kumufunira zabwino. Mawu akuti kuphunzitsa ana ufiti si mutu wa nthano yosangalatsa m'Malawi, kumene lamulo la 1911 loletsa kunamizira munthu ufiti silinaletse kuti agogo ena athamangitsidwe m'midzi ndi kuphedwa pa mlandu womwewo. Ku Europe makhoti anasiya kupha oganiziridwa ufiti m'zaka za m'ma 1700, ndipo liwulo linakhala ndi nthawi yozizira mpaka kusanduka choseweretsa. Ndasankha matsenga m'nkhani ino chifukwa ndilo lopepukirapo, lotha kunenedwanso za munthu wotulutsa ndalama m'khutu la mwana pa chionetsero.

Africa imaoneka mwa apo ndi apo m'mayunivesite opekawa. Mu 2016 Rowling atalengeza sukulu yake ya Uagadou, poyamba anangoti ili mu Africa, ndipo owerenga atadandaula kuti Africa si dziko limodzi anafotokoza kuti ili ku Uganda. Nnedi Okorafor, mu Binti ya 2015, anatumiza mtsikana wa Chihimba wa ku Namibia ku Oomza University, kutali pakati pa nyenyezi, atanyamula dothi lofiira lodzola la kwawo, koma nkhani yake ndi ya kusiya mudzi ndi kuyanjanitsa adani. Wolemba wa ku Zimbabwe T. L. Huchu anayandikira kwambiri ndi mabuku ake a Edinburgh Nights, oyamba ndi The Library of the Dead ya 2021. Ropa Moyo ndi mtsikana wa ku Edinburgh wa makolo a Chishona, amene anasiya sukulu kuti azisamalira agogo ake ndi mng'ono wake, ndipo amapeza ndalama ponyamula mauthenga a akufa, omwe amayankhula nawo mothandizidwa ndi mbira. Akatswiri a matsenga a ku Scotland ali ndi masukulu awo, laibulale yawo ya pansi pa nthaka ndi bungwe lawo, ndipo nzeru zimene Ropa anaphunzira kwa agogo ake saziwerengera. Huchu sanamupatse Ropa mnyamata wopikisana naye woti adzamukonde. M'buku lachiwiri, Our Lady of Mysterious Ailments la 2022, Ropa apita kukayesedwa akuyembekeza kulembedwa ntchito yophunzira ya malipiro, ndipo akuluakulu a bungwelo amutsitsa n'kumupatsa malo ogwira ntchito popanda malipiro.